Mmene Ojambula Anaphunzirira Kuona Thengo ndi Gombe la Australia

Mtengo wa bulugamu timaudziwa bwino kuno kwathu, chifukwa timaudzala m'malire a minda, timaudula tikafuna mapaso ndi mapolo, ndipo m'minda ya tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje ndiwo nkhuni zoumitsira masamba. Koma ndi ochepa amene amakumbukira kuti mtengowu ndi wobwera, kuti kwawo ndi ku Australia kumene kuli mitundu yake yoposa 700, ndiponso kuti kwa zaka zambiri unasautsa akatswiri ojambula zithunzi ochokera ku Ulaya. Aliyense amene anausapo pansi pa bulugamu dzuwa lili paliwombo angamvetse chifukwa chake. Masamba ake satambasuka ngati a mango kapena a kachere, koma amalendewera cholozera pansi, motero dzuwa limadutsa pakati pake n'kusiya mthunzi wamawangamawanga. Mtundu wa masambawo ndi wotuwira, khungwa limasendeka lokha n'kumalendewera ngati nsanza, ndipo nthambi zimakhotera kumene zafuna. Wojambula amene anaphunzira luso lake pa mitengo ya ku England, yokhala ndi masamba othithikana ndi mthunzi wakuda bii, akaima pamaso pa mtengo wotere, dzanja lake linkachita zimene linazolowera m'malo motsata zimene maso akuona.

Mbiri ya zithunzi zopenta zoonetsa thengo, mapiri ndi magombe a dzikolo imayambira pa vuto limeneli, koma silinathe ndi kupeza penti wa mtundu woyenera. Nthawi iliyonse imene kajambulidwe kanasintha, chimene chinkayamba kusintha ndi mmene wojambulayo ankayendera pa nthakayo: wina ankaiona ali pakhonde la nyumba ya bwanamkubwa, wina ankagona m'tenti pakati pa tchire, wina ankaiyenda wapansi masabata angapo atabereka katundu, ndipo wina inali nthaka ya makolo ake imene ankadziwa dzina la chitsime chilichonse. Popeza dzikolo linali ndi eni ake, Aaborijini, kwa zaka zoposa 50,000 Angelezi asanakocheze pa Sydney mu 1788, funso lakuti amene akuyendayo ndani, nanga akuponda nthaka ya yani, limatsatira chithunzi chilichonse, ngakhale chimene chikuonetsa mitengo ndi madzi okha.

Zithunzi zoyambirira za atsamunda zinali ndi ntchito yake, yomwe inali kutsimikizira anthu a ku London kuti dziko latsopanolo n'lokhalika. Ena mwa ojambulawo anali akaidi, monga Joseph Lycett amene anafika mu 1814 atapezeka wolakwa pa mlandu wopanga ndalama zachinyengo, ndipo m'zithunzi zake zambiri thengo la Australia limaoneka losesedwa bwino ngati munda wamaluwa wa munthu wolemera wa ku England. Mmodzi mwa oyamba kuyang'ana bulugamu modekha anali John Glover, amene anafika ku Tasmania, chilumba cha kummwera kwa Australia, mu 1831 ali kale nkhalamba ya zaka 64 yodziwika kwawo. Iye anazindikira chinthu chimene anzake sankachiona, chakuti mitengo ya kumeneko, ngakhale ichuluke motani, siitchinga maso, ndipo munthu amatha kuona dziko lakutali kudzera pakati pake. N'chifukwa chake mitengo ya Glover ili ndi nthambi zopindikapindika ndipo kuwala kumafika pansi penipeni.

Komabe m'zithunzi zomwezo muli zinthu ziwiri zimene woonera wa lero ayenera kudziwa. Choyamba n'chakuti madambo a udzu okhala ndi mitengo yotalikirana, amene Angelezi ankasirira poganiza kuti anachita kulengedwa choncho, anali ntchito ya manja a anthu. Aaborijini ankatentha tchire pang'onopang'ono, malo ndi malo, pa nyengo yake, kuti palupsa paphuke msipu wokopa nyama, ndipo eni akewo atachotsedwa, malo ambiri otere anawirira. Chachiwiri n'chowawa kwambiri. Glover anajambula Aaborijini akuvina ndi kusaka mwamtendere pafupi ndi munda wake wa Patterdale pa nthawi imene nkhondo yolimbirana nthaka inali itangotha kumene, anthu ochuluka ataphedwa, ndipo otsalawo akusamutsidwira pa chilumba cha Flinders. Mitengo anaijambula monga inalili, koma anthuwo anawaika pamalo pamene anali atachotsedwapo kale.

Amene anayenda kwambiri pa ojambula a m'zaka zimenezo ndi Eugene von Guérard, wobadwira ku Vienna mu 1811, yemwe anapita ku Victoria, chigawo cha Australia chomwe likulu lake ndi Melbourne, mu 1852 kukakumba golide, ndipo golideyo atamukana anabwerera ku bulashi. Iye anaphunzitsidwa ku Düsseldorf kuti wojambula ayenera kudziwa mwala ndi chomera monga amadziwira katswiri wa sayansi, choncho ankayenda ndi timabuku tating'ono momwe ankajambulamo ndi pensulo, n'kumalemba pambali tsiku, malo ndi mitundu ya zimene waona, kuti akafika kunyumba akapente chithunzi chachikulu. Mu Novembala 1862 anakwera phiri la Kosciuszko pamodzi ndi wasayansi Georg von Neumayer, mkuntho unawapeza pamwamba, ndipo chithunzi chimene anamaliza chaka chotsatira chimaonetsa anthuwo ngati tinyerere pakati pa miyala ikuluikulu. Phirili, lomwe ndi lalitali kuposa onse pa mtunda waukulu wa Australia, ndi la mamita 2,228 okha, kutanthauza kuti Sapitwa wa ku Mulanje amaliposa ndi mamita oposa 700. Zimenezi zikuthandiza kumvetsa kuti Australia ndi dziko lafulati ndi lakalekale, lopanda nsonga zakuthwa zimene ojambula a ku Ulaya ankadalira kuti chithunzi chigwire mtima.

Kusamala kwa Von Guérard kunadzapindula m'njira imene iye sakanailota. Mu 1855 anajambula Tower Hill, chigwa cha phiri lomwe kale linkaphulika moto, pafupi ndi tauni ya Warrnambool, chili ndi nyanja yake, tizilumba ndi nkhalango. M'zaka zotsatira anthu anagwetsa mitengo, anadyetsapo ziweto, anakumba miyala, mpaka malowo anatsala mbee. Pamene boma la Victoria linayamba kubwezeretsa chilengedwe pamalopo kuyambira m'ma 1960, akatswiri a zomera anatenga chithunzi chija n'kuchiyang'anitsitsa kuti adziwe mitundu ya mitengo ndi zitsamba imene inalipo komanso mbali imene inkamera, ndipo ana asukulu ndi anthu ongodzipereka anadzala mitengo masauzande ambiri motsogozedwa ndi zimene anapezazo. Anthu a m'nthawi yake ena ankamunena Von Guérard kuti amawerenga tsamba lililonse ngati kalaliki, koma kuwerenga kumeneko ndiko kunasunga nkhalango yonse pa chinsalu kwa zaka zoposa 100.

Pali mmodzi wa ojambula oyenda a nthawiyo amene njira yake inadzafika kufupi ndi kwathu. Thomas Baines anali wojambula pa ulendo wa Augustus Gregory wofufuza kumpoto kwa Australia mu 1855 ndi 1856, kumene anajambula mtsinje wa Victoria ndi mitengo ikuluikulu ya mtundu wa malambe imene imamera kumeneko. Mu 1858 analowa m'gulu la David Livingstone la pa Zambezi monga wojambula ndi wosunga katundu, anakhala ku Tete, ndipo chaka chotsatira anachotsedwa ntchito atanenezedwa kuti akusakaza katunduyo. Kwa anthu ngati Baines chithunzi chinali mbali ya lipoti, chofanana ndi mapu, ndipo chinkathandiza maboma a ku Ulaya kudziwa kumene kuli madzi ndi msipu.

Kuti munthu amvetse kusintha kumene kunabwera pambuyo pake, ayenera kuganizira za ntchito yeniyeni yojambulira panja. Kale wojambula ankapera yekha penti kapena kumusunga m'tizikhodzodzo ta nkhumba tomwe tinkaphulika ndi kuuma, mpaka mu 1841 pamene John Goffe Rand wa ku America anatulukira kachubu kachitsulo kofinya. Kuyambira pamenepo penti wamafuta anatha kulowa m'chikwama. Koma panja pali malamulo ake. Dzuwa silidikira munthu, motero mthunzi umene unali kumanzere kwa thanthwe m'mawa umakhala utasowa pakatha maola awiri, ndipo wojambula amene wachedwa amapezeka kuti theka la chithunzi chake ndi la m'mawa, theka lina ndi la masana. Ntchentche zimatera pa penti wosauma n'kukanirira pomwepo, mphepo imagwetsa chinsalu chafufumimba pamchenga, ndipo penti wamadzi amauma pa bulashi asanafike papepala kukatentha. Kunyanja vuto limakula, chifukwa funde siliima kuti alijambule. Wojambula amayang'ana mafunde makumi angapo akubwera ndi kusweka mpaka atagwira kapindikidwe kake m'mutu, kenako amapenta funde limodzi limene silinakhalepo koma likuimira onsewo, uku madzi akusefukira kapena kuphwa n'kusintha malire a gombe lonse. Ndi pa ntchito ngati imeneyi pamene mawu akuti kuona maso a nkhono n'kudekha amakwanira bwino. Zonsezi zimakakamiza munthu kugwiritsa ntchito thabwa laling'ono, kupenta mofulumira ndi kusiya zambiri, ndipo kajambulidwe kooneka ngati kosamaliza kamene anthu ena amakadandaula kanabadwa m'zovuta zimenezi.

Ku Melbourne njira imeneyi inayamba ndi Louis Buvelot wa ku Switzerland, amene anafika mu 1865 n'kumajambula malo wamba a m'mbali mwa mzinda, dziwe la ng'ombe kapena njira ya ngolo madzulo, m'malo mofunafuna mathithi ndi mapiri. Achinyamata amene anamutsatira ndiwo anadzatchedwa gulu la Heidelberg, dzina la dera lina kunja kwa mzindawo. Tom Roberts atabwerako ku Ulaya mu 1885 anamanga msasa ku Box Hill pamodzi ndi Frederick McCubbin ndi Louis Abrahams, kenako anakumana ndi Arthur Streeton akujambula pamiyala ya kugombe kufupi ndi Mentone, ndipo mu 1888 Charles Conder anabwera kuchokera ku Sydney. Tisawaone ngati anthu olowa m'nkhalango yoopsa, chifukwa ambiri anali apantchito m'tauni amene ankakwera sitima Loweruka, popeza njanji inali itafika ku Box Hill mu 1882 ndi ku Heidelberg mu 1888. Thengo lawo linali loyenda mphindi zochepa kuchokera pa siteshoni. Akazi a m'gululo, monga Jane Sutherland ndi Clara Southern, mwambo sunkawalola kugona kumisasa, motero ankabwera m'mawa n'kubwerera madzulo, ndipo mbiri inachedwa kuwawerengera.

Pa 17 Ogasiti 1889 anyamatawa anatsegula chionetsero mu mzinda wa Melbourne chimene anachitcha 9 by 5, potengera kukula kwa zithunzi zambiri, mainchesi 9 m'litali ndi 5 m'lifupi. Zinali zopentedwa pa zivindikiro za mabokosi a ndudu zimene Abrahams ankatenga ku bizinesi ya fodya ya banja lake. Zithunzi zinalipo zoposa 180, ndipo James Smith, wolemba za luso mu nyuzipepala ya Argus, analemba kuti zinayi mwa zisanu zilizonse zinali zopweteka m'maso. Anyamatawo anamata mawu akewo pakhomo kuti anthu awerenge akamalowa, ndipo anthu anabwera ambiri. Chimene iwo anapeza, makamaka Streeton, ndi mtundu wa kuwala kwa dzikolo: udzu wouma wa chikasu chotuwa, mithunzi yabuluu m'malo mwa yakuda, ndi thambo loyera ndi kutentha. Pa Isitala wa 1888 Roberts ndi Conder anakhala moyandikana paphiri loyang'ana gombe la Coogee ku Sydney n'kujambula malo amodzi, ndipo zithunzi ziwirizo zilipo mpaka lero. Cha Roberts n'cholemera, miyala ndi zitsamba zili m'malo mwake, pamene cha Conder n'chopepuka ndi chowala, ndipo chimasamala kwambiri za anthu oyenda. Gombe linali limodzi ndipo tsiku linali limodzi, koma aliyense anasankha zake zoti asiye.

Zithunzi za gululi zinafika pa nthawi imene madera a atsamunda ankakonzekera kugwirizana kukhala dziko limodzi, zomwe zinachitika mu 1901, ndipo anthu anazilandira ngati nkhope ya dziko lawo. M'menemo muli ometa nkhosa, odula mitengo, banja lotsegula munda m'nkhalango, ndi mwana wosochera m'tchire amene McCubbin anajambula mu 1886. Aaborijini mulibe pafupifupi m'zonse. Thengo linasanduka la mzungu wolimbikira ntchito, ndipo chithunzi chokongola chinathandiza chikhulupiriro chakuti nthakayo inalibe mwini, chimene khoti lalikulu la dzikolo linadzachikana mu 1992 pa mlandu wa Eddie Mabo.

Pa ojambula gombe, amene ine ndimaona kuti anafika patali ndi Clarice Beckett, ngakhale kuti ali moyo sanapeze ulemu. Anabadwa mu 1887, ndipo kuyambira mu 1919 ankakhala ndi makolo ake ku Beaumaris, m'mphepete mwa nyanja kummwera kwa Melbourne. Popeza usana wonse unkathera pa kusamalira makolowo, nthawi yake yojambula inali mbandakucha ndi chisisira, ndipo ankatuluka akukoka kangolo kodzipangira momwe ankaikamo penti ndi matabwa. N'chifukwa chake zithunzi zake zili ndi nkhungu, msewu wonyowa, mapolo a magetsi, galimoto imodzi yoyatsa nyali ndi nyanja yotuwa yosasiyana kwenikweni ndi thambo. Mphunzitsi wake Max Meldrum ankaphunzitsa kuti diso limayamba kuona kuwala ndi mdima lisanaone mizere, ndipo Beckett anatsata zimenezi mpaka zinthu zinkaoneka ngati zikusungunuka. Mu 1935 mvula yamkuntho inamupeza akujambula nyanja, anadwala chibayo n'kumwalira ali ndi zaka 48. Patapita zaka zoposa 30, zithunzi zake pafupifupi 2,000 zinapezeka m'shedi yopanda makoma kumudzi kufupi ndi Benalla, zambiri zitaonongeka ndi mvula ndi tizilombo, ndipo zimene zinapulumuka sizinakwane 400.

M'zaka zomwezo kuyenda m'thengo kunasanduka chizolowezi chokhala ndi dzina lake. Anthu a ku Australia amati bushwalking, kutanthauza kuyenda wapansi m'tchire mwa kufuna kwako, nthawi zina masiku angapo, utanyamula chakudya ndi pogona. Myles Dunphy ndi anzake anayambitsa kalabu ya Mountain Trails mu 1914, ndipo mu 1927 kunabadwa Sydney Bush Walkers, kumene mawuwo anafalikira. Mu 1931 oyenda ena anapeza munthu ali pafupi kugwetsa nkhalango ya bulugamu wamtali m'chigwa cha Grose ku Blue Mountains kuti alimepo, ndipo ngakhale kuti inali nthawi ya mavuto aakulu a zachuma, anasonkha mapaundi 130 n'kumulipira kuti asiye. Nkhalangoyo, yotchedwa Blue Gum Forest, inatetezedwa mu 1932. Kuyambira pamenepo oyenda, ojambula ndi oteteza chilengedwe akhala anthu amodzi kawirikawiri. Hans Heysen, amene anapenta mibulugamu ikuluikulu ya ku Hahndorf mpaka inakhala pa makalendala a m'nyumba zambiri, ankagula malo oyandikana ndi kwake kuti mitengo isadulidwe. Ku Tasmania, Max Angus ndi anzake anajambula nyanja ya Pedder ndi gombe lake la mchenga woyera pofuna kuonetsa anthu a m'tauni chimene chitayike, koma damu la magetsi linamizabe malowo mu 1972, ndipo zithunzizo zinatsala ngati umboni wa malo amene kulibenso.

Nkhani ya Albert Namatjira ndi imene imasonkhanitsa mbali zonsezi. Iye anali wa mtundu wa Arrernte, wobadwa mu 1902 pa mishoni ya Lutheran ya Hermannsburg pakati pa dzikolo. Mu 1934 anaona zithunzi za penti wamadzi za Rex Battarbee, mzungu wochokera ku Victoria, ndipo mu 1936 anagwirizana kuti Namatjira aziyendetsa ngamira ndi kulondolera njira, Battarbee azimuphunzitsa kupenta. Anayenda miyezi iwiri m'mapiri a MacDonnell, wina akuphunzira bulashi, winayo akusonyezedwa malo amene sakanawapeza yekha. Chionetsero choyamba cha Namatjira ku Melbourne mu 1938 chinagulidwa chonse. Mapiri ake ofiirira, zigwa zofiira ndi mitengo ya makungwa oyera mbee zinatchuka m'dziko lonse, koma akatswiri ena ankamunyoza kuti akungotsanzira azungu. Zinatenga zaka kuti anthu amvetse kuti malo amene ankabwerezabwereza kujambula sanali osankhidwa chifukwa cha kukongola kokha, koma anali malo a makolo ake amene iye anali ndi udindo wowasamala mwa mwambo.

Kutchuka sikunamuteteze ku malamulo a tsankho. Anamukaniza malo oweterapo ng'ombe, anamukanizanso kumanga nyumba m'tauni ya Alice Springs. Mu 1957 iye ndi mkazi wake anapatsidwa ufulu wa nzika umene Aaborijini anzake a m'chigawo chake cha Northern Territory, ngakhale ana ake omwe, analibe, ndipo ufuluwo unamulola kugula mowa koma osagawira abale ake, chinthu chosatheka pa mwambo wa anthu amene chilichonse amadyera pamodzi. Mu 1958 anaweruzidwa kuti akakhale m'ndende pa mlandu wopatsa mowa m'bale wake, ndipo anamwalira mu 1959. Mu 1983 ofesi ya boma yoyang'anira chuma cha masiye inagulitsa umwini wa zithunzi zake, kutanthauza ufulu wozisindikiza ndi kugulitsa makope ake, kwa kampani ina pa madola 8,500, moti adzukulu ake sankalandira kanthu pa zithunzi za agogo awo mpaka mu 2017 pamene umwiniwo unabwezedwa ku banja.

Pakati pa azungu, amene anasintha kwambiri kaonedwe ka thengo pambuyo pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ndi Fred Williams. Atakhala ku London zaka zingapo n'kubwerera kwawo chakumapeto kwa 1956, anaona kuti thengo la Australia lilibe chinthu chimodzi chimene diso lingakhazikikepo, monga nsanja ya tchalitchi kapena phiri lalitali, koma limangopitirira chimodzimodzi mbali zonse. Ena ankati ichi ndi chilema cha dzikolo, koma iye anachitenga kukhala mutu wa ntchito yake. M'zithunzi zake za mapiri a You Yangs za kumayambiriro kwa m'ma 1960, nthaka ndi chinsalu chonse cha mtundu umodzi, mitengo ndi timadontho ndi timizere ta penti wokhuthala tomwazikana, ndipo mzere wa m'chizimezime umakwera pamwamba penipeni kapena kusowa kumene. Ankatuluka kukajambula panja pafupifupi sabata iliyonse, ndipo pamene moto wolusa unafika pafupi ndi nyumba yake ku Upwey mu 1968, anajambula motowo, phulusa lake, ndi zomera zoyamba kuphuka pambuyo pake. Akajambula gombe nthawi zina ankagawa pepala m'timizere topingasa tingapo, kuti aonetse malo amodzi pa maola osiyana. Mu 1977 anakhala munthu woyamba wa ku Australia kuchititsa chionetsero chayekha ku Museum of Modern Art ku New York.

Anthu ambiri amaona kufanana pakati pa timadontho ta Williams ndi zithunzi za Aaborijini a m'chipululu, koma magwero ake ndi osiyana. Mu 1971 ku Papunya, mtunda wa makilomita pafupifupi 240 kuchokera ku Alice Springs, mphunzitsi Geoffrey Bardon analimbikitsa akuluakulu a m'mudzimo kupenta pakhoma la sukulu, kenako pa matabwa, zizindikiro zimene kale ankalemba pamchenga ndi pathupi pa nthawi ya miyambo. Chaka chotsatira amunawo anakhazikitsa kampani yawoyawo ya Papunya Tula. M'zithunzi zimenezi dziko limaonedwa kuchokera pamwamba, mopanda thambo: mizere yozungulira ndi chitsime kapena msasa, mzere wolumikiza ndi njira imene kholo la m'nthawi ya chilengedwe linadutsa, ndipo kachizindikiro kokhota ngati chiboda ndi munthu wokhala pansi. Munthu sajambula malo alionse amene wawakonda, koma okhawo amene ali ndi ufulu nawo kudzera mwa bambo kapena mayi ake. Madontho ambirimbiri aja, mwa zina, anayamba kuchuluka pofuna kuphimba zinsinsi za mwambo zimene osavinidwa sayenera kuona, nkhani imene kwa ife odziwa za kudambwe siifuna kufotokoza kwambiri.

Chifukwa chakuti chithunzi chotere chimanena za umwini, chinafika mpaka m'khoti. Mu 1997 amuna ndi akazi oposa 40 a ku chipululu cha Great Sandy anapenta pamodzi chinsalu cha mamita 8 ndi 10, chotchedwa Ngurrara, aliyense mbali ya dziko lake, ndipo popereka umboni wa nthaka yawo aliyense ankaima pa gawo lake la chinsalucho n'kumafotokoza m'chinenero chake. Umwini wawo unavomerezedwa mu 2007. Kugombe la kumpoto nkhani inayamba mu 1996, pamene anthu a mtundu wa Yolngu anapeza msasa wa asodzi olowa mozemba pamalo opatulika a Garrangali, pali zinyalala ndi mutu wa ng'ona wodulidwa, chikhalirecho ng'ona ndi kholo la fuko la Madarrpa. M'malo mobwezera, mtsogoleri wawo Djambawa Marawili ndi akuluakulu ena anasankha kuphunzitsa alendowo malamulo a nyanja. Ojambula 47 anapenta makungwa 80 ndi dothi lamitundumitundu, kuonetsa gombe lawo chigawo ndi chigawo, pamene madzi a mtsinje amakumana ndi amchere, ndiponso fuko limene lili ndi udindo pa madzi alionse, pakuti fuko lililonse lili ndi kalembedwe kake ka timizere kosonyeza madzi ake. Ena mwa makungwawo anaperekedwa monga umboni pa mlandu wa Blue Mud Bay, ndipo mu Julaye 2008 khoti lalikulu linagamula kuti eni nthaka ali ndi ulamuliro pa malo amene madzi a m'nyanja amafika akasefukira n'kuwasiya akaphwa, chigamulo chokhudza pafupifupi magawo 80 pa 100 alionse a gombe la Northern Territory. Makungwawo akusungidwa ku Australian National Maritime Museum ku Sydney.

Kusintha konseku kumaoneka bwino pa mndandanda wa opambana mphoto ya Wynne, imene Art Gallery of New South Wales yakhala ikupereka kuyambira mu 1897 kwa wojambula bwino malo a dzikolo kapena wosema chifanizo. Heysen anaipata kasanu ndi kanayi pakati pa 1904 ndi 1932, Streeton anaipata mu 1928, Williams mu 1966 ndi 1976, koma Namatjira sanaipatepo. Mwaborijini woyamba kuilandira anali Gloria Petyarre mu 1999, patatha zaka 102 chiyambireni, ndi chithunzi cha masamba ouluzika ndi mphepo. Kuyambira mu 2016, pamene inapita kwa akazi asanu apachibale a banja la Ken ochokera ku Amata, mphotoyi yakhala ikupita kwa Aaborijini zaka zambiri. Mu 2020 anailandira Hubert Pareroultja, wa mtundu wa Arrernte, mwana wa mmodzi wa ojambula amene anatsata njira ya Namatjira ku Hermannsburg. Anajambula mapiri omwe aja amene Namatjira anayendamo ndi ngamira za Battarbee mu 1936, ndipo pa dzina la chithunzicho anayamba ndi Tjoritja, dzina la mapiriwo m'chinenero chake, dzina la pa mapu a boma n'kubwera pambuyo.